Malo Osungira Nthawi m'Makompyuta Akulitsidwe 2038 Isanafike

Pa 19 January 2038, nthawi ikadzangopitirira 03:14:07 pa UTC, makompyuta ena adzasokonezeka ndi kuyamba kusonyeza kuti tsikulo ndi 13 December 1901. Gwero la vutoli ndilo kucepa kwa malo amene nambala ya nthawi imasungidwamo.

Makompyuta a Unix ndi Linux amadziwa nthawi mwa kuwerenga masekondi kuyambira pa 1 January 1970, ndipo dzina la nambalayo ndi time_t. Malamulo a cinenero ca C sanena kukula kwake. Nkhaniyi inasiyidwa m'manja mwa laibulale ya kompyutayo, ndipo compiler, imene imasandutsa zolemba za katswiri kukhala pulogalamu, imangotsatira zimene laibulaleyo yalamula. Malowo akakhala a mabiti 32 amadzala pa masekondi 2,147,483,647, koma akakhala a mabiti 64 angathe kusunga zaka mabiliyoni ambirimbiri.

Akatswiri anatsata njira ziwiri pa makompyuta a mabiti 32. A OpenBSD mu 2014, ndiponso a laibulale ya musl mu 2020, anakulitsa malowo kwa onse nthawi imodzi. Koma a glibc, mu 2021, anasiyira wopanga pulogalamu kuti asankhe yekha mwa kulemba _TIME_BITS=64. Wosalemba zimenezi anatsala pa mabiti 32.

Nkhawa ya a glibc inali yomveka. Pulogalamu yakale ya mabiti 32 ikalandira nambala ya mabiti 64 kucokera ku laibulale ina, ziwirizo sizimvana, ndipo deti limalakwika popanda cenjezo lililonse. Komabe, kulola aliyense kusankha yekha ndiko kumacurukitsa kusamvana kotereku, popeza wina amakumbukira pamene mnzake amaiwala. Njira yolongosoka ndi imene Debian inatsata mu 2024, pamene inamanganso pamodzi mapulogalamu a makompyuta ambiri a mabiti 32.

Ngozi yaikulu ili pa timakompyuta tating'ono tobisika m'magalimoto, m'mamita a magetsi ndi m'makina a m'mafakitale, timene timagwira nchito zaka zambiri popanda wotikonzanso. Cipangizo cogulidwa lero cingathe kudzafika mu 2038 cikali pa nchito. Akulu anati tsoka silinunkha, koma ili ladziwika tsiku lake ndi ola lomwe. Motero makampani ndi maofesi ogula zipangizo zotere ayenera kufunsa wogulitsa kukula kwa time_t asanapereke ndalama, ndi kukana ciliconse cimene cikali pa mabiti 32.