Za Dziko Lathu: Ndani Alipira Mtengo wa Kukonza Penshoni?

Tonse tiwadziwa anthu awa. Ndi aja anasesa misika yathu, anakumba ngalande, anazima moto ndi kulemba makalata m'maofesi a khonsolo kwa zaka zambiri. Mwezi ndi mwezi khonsolo inali kudula kandalama pa malipiro ao, ndi lonjezo lakuti pa tsiku lopuma nchito adzapeza pogwira. Ambiri atapuma anadikira zaka kuti alandire ndalama zao, ndipo ena anatisiya asanazione. Kodi cinalakwika n'ciani?

Thumba losunga ndalamazi ndi Local Authorities Superannuation Fund, mwacidule LASF, limene linakhazikitsidwa mu 1954. Kayendedwe kake n'kosabvuta kumva. Wanchito asonkha, womlemba nchito aonjezapo gawo lake, ndipo wopuma alandira molingana ndi malipiro ake ndi zaka zimene anatumikira. Thumba lotere liyenda bwino ngati osonkha acuruka ndipo zosonkhazo zifika pa nthawi yake.

Mu 1992 lamulo linasinthidwa kuti amene watumikira zaka 22 apume. Khamu la anchito, ena akali ndi mphamvu zao, linaleka kusonkha niliyamba kuyembekeza malipiro nthawi imodzi. Mu 1996 boma linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Mabanja ambiri anakondwa, koma makhonsolo anataya ndalama za lendi. Pambuyo pake nchito ya madzi nayo inaperekedwa ku makampani apadera. Makhonsolo atasauka motere, ambiri analephera kutumiza zosonkha ku thumba, ngakhale zija anadula kale pa malipiro a anchito.

Kenaka kunadza kusintha kwakukuru. Lamulo la 1996 linakhazikitsa NAPSA, imene inayamba nchito mu Febuluwale 2000 m'malo mwa Zambia National Provident Fund. Colinga cinali cabwino: thumba limodzi la anchito a dziko lonse. Koma olembedwa nchito atsopano anayamba kusonkha ku NAPSA, ndipo LASF inatsala ndi acikulire okha, monga nkhokwe imene atapamo tsiku ndi tsiku pamene munda wake unapatsidwa kwa wina.

Apa ndi pamene pagona mtengo wa kusintha konse. Ndalama za acinyamata zingapite ku thumba latsopano, koma malonjezo akale sacoka. Wina ayenera kuwalipira. Lingalipire boma ndi misonkho yathu. Ingalipire khonsolo pocepetsa nchito zake zina. Kapena angalipire wopuma mwiniwake ndi kudikira kwake, pamene Kwacha icepa mphamvu ndipo ndalama zimene zikadamanga nyumba zifika zitangokwanira malata. Kwa zaka zambiri njira yacitatuyi ndiyo inagwira nchito, cifukwa siioneka m'buku liri lonse la cuma ca boma. Ioneka cabe m'nyumba ya mkazi wamasiye ndi pa mwana wocotsedwa sukulu.

Malamulo akuru a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, alamula pa ndime 189 kuti penshoni iperekedwe msanga, ndi kuti wopuma amene sanapatsidwe zake akhalebe pa mndandanda wa malipiro kufikira atalandira. Ici n'cilungamo. Komabe tizindikire tanthauzo lake: khonsolo yocedwa ilipira anthu awiri pa mpando umodzi, wopumayo ndi womlowa m'malo, pamene zinyalala ziunjikana ndi misewu ikumbika. Kucedwa kulipira kudya ndalama zambiri kupambana kulipira.

Tsono ticite ciani? Coyamba, pamene atsogoleri akamba za kukonzanso mapenshoni, tiwafunse poyera kuti ngongole yakale ndi yaikuru bwanji, adzailipira ndani, ndipo liti. Caciwiri, tifunse makhansala athu ngati zodulidwa pa malipiro a anchito zifikadi ku thumba mwezi uli wonse. Cacitatu, inu amene mukali pa nchito, sungani bwino mapepala anu a malipiro ndi makalata olembedwera nchito, ndipo banja lanu lidziwe pamene ali. M'miphakati yathu, tisaiwale kuyendera acikulire amene akali kudikira.

Makolo athu anati mlandu suola. Ndalama za opumawa si mphatso yocokera kwa wina ali yense. Ndi malipiro ao amene anatisungitsa, ndipo ngongoleyo iri pa ife tonse amene tinapindula ndi thukuta lao.