Nkhwani wa pa belo ndi basela, si geni

Ndikulemba kuchokera kuno ku Laurel, Maryland.

Sabata yatha mlongo wina anaponya vidiyo muno ya munthu akukolola tomato pa mabelo a mapesi a tirigu, n'kulemba kuti geni ndi imeneyi, tisiye zonyamula masutikesi. Makomenti anagwa ngati mvula, ena afika kale powerengera phindu la mabelo 50. Ine ndalima njira imeneyi zaka zinayi kuseri kwa nyumba ya lendi, ndiye ndati ndiyankhule anthu asanathire mpamba wa katundu m'mapesi.

Maganizo anga ndi awa: gulani mabelo awiri kapena anayi, dzalani ndiwo za kwathu, mudye ndi ana. Koma musazitche bizinesi.

Kwa amene simunaione vidiyoyo, belo lake ndi mtolo wa mapesi a tirigu wopanikizidwa n'kumangidwa ndi zingwe ziwiri, monga timamangira fodya kapena kaunjika. Umalithirira ndi kuliika feteleza mpaka liyambe kuwola m'kati, kenaka n'kudzalapo. Belolo ndiye munda wakewo. Amene anatchukitsa njirayi ndi Joel Karsten wa ku Minnesota, ndi buku lake la mu 2013.

Ife zimatiyenera chifukwa ambiri tili pa lendi, ndipo landilodi safuna kuona khasu pa kapinga wake. Dothi la madera ambiri kuno ndi katondo wolimba. Komanso pafupi ndi nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1978, monga zambiri za mu DC, dothi limatha kukhala ndi mtovu wochokera ku penti wakale. Belo umangolikhazika pa simenti pamene pamawomba dzuwa maola 6 kapena kuposa, osakumba paliponse. Minda yobwereka ya boma iliko ku DC, Montgomery ndi Fairfax, koma malo ambiri umayamba wadikira pa mzere.

Pogula nenani kuti mukufuna straw, osati hay. Hay ndi udzu wodyetsa mahatchi, wodzaza njere, mudzangolima tchire. Funsaninso ngati m'mundamo anapoperamo mankhwala opha udzu monga clopyralid kapena aminopyralid, chifukwa amakhalitsa ndipo tomato ndi nyemba zimapiringizika masamba. Mukakayika, viikani mapesi pang'ono m'ndowa, madziwo muzithirira nyemba zodzala m'kachitini. Pakatha masabata atatu zidzakuuzani zokha.

Nzeru ya kaunjika imagwiranso pano. Mu October azungu amagula mabelo okongoletsera makomo pa Halloween, ndipo November akafika amasowa kowataya. Yang'anani pa Facebook Marketplace kapena Nextdoor, mupeza otchipa, ena aulere. Akagona panja nyengo yonse yozizira amayamba kufewa okha.

Kukonza kwake n'kwa masabata awiri. Liimikeni cham'mbali kuti zingwe zizungulire m'mphepete, kodulidwa kwa mapesi kuyang'ane kumwamba. Masiku atatu oyamba madzi okha, linyowe ndithu. Tsiku la 4 mpaka la 6, theka la kapu ya urea, yemwe uja wa chimanga kwathu, pa belo lililonse n'kuthirira. Tsiku la 7 mpaka la 9 chepetsani, kota ya kapu. Musagule feteleza wa kapinga wosakaniza ndi mankhwala opha udzu. M'kati mumatentha ngati mulu wa manyowa, ndiye pisani dzanja: kukazizira kufika poti simukumva kutentha, dzalani. Mbande mumang'amba mapesi n'kulowetsa. Njere zing'onozing'ono ngati za bonongwe zimafuna muyale kaye kompositi pamwamba, kukhuthala kwa zala ziwiri. Chisanu kuno chimatha chapakati pa April, koma maungu ndi therere dikirani mpaka pakati pa May.

Tsopano tiwerengere, poti ndife anthu a masamu. Chaka choyamba ndinagula mabelo anayi pa $10 limodzi. Feteleza, kompositi, mbewu, paipi ndi zina zinandifikitsa pafupifupi $120. Ndinadzala tomato, anyezi ndi kabichi. Nditawerengera zimene ndinakolola, ndinapeza kuti ndikanagula ku Aldi ndi theka la ndalamazo. Ndinapikisana ndi mafamu a ku California ndi Florida, ine ndi mabelo anayi. Uchitsiru eti?

Chaka chachiwiri ndinasintha. Ndinadzala zokhazo zimene sungazipeze pa shelefu: nkhwani, bonongwe, chitambe, kholowa ndi mpiru. Apo ndiye nkhani inasintha. Kuyambira kumapeto kwa June mpaka chisanu choyamba, chakumapeto kwa October, nkhwani wotendera sunasowe pa mbale. Mwana wanga wobadwira kuno anaphunzira kusadzula nkhwani. Zimenezi ndingaziike pa mtengo wanji? Zotsala ndimaziwiritsa pang'ono n'kuika mu firiza, chifukwa chinyezi cha kuno mu August sichilola mfutso kuuma bwino ngati pa mphasa kwathu.

Pa maungu, sankhani a mtundu wa butternut kapena Seminole. Kuno kuli mbozi yoboola tsinde imene imabwera cha mu June ndi July, mmera n'kungofota tsiku limodzi. Mitundu iwiriyi imapirira chifukwa tsinde lake n'lolimba.

Wina anena kuti, "Achimwene, ndiye mwavomera nokha kuti nkhwani mulibe mu sitolo. Msika si umenewo?" Funso labwino, nanenso ndinaganiza choncho, ndipo ndinayesa. Mavuto ndi atatu. Loyamba, makasitomala athu ndi omwazikana: wina ku Woodbridge, wina ku Germantown, wina ku Baltimore. Nkhwani ukathyola m'mawa, mawa lake wafota. Ukhale maola awiri pa Beltway chifukwa cha mitolo itatu ya $5? Mafuta okha adya phindu. Lachiwiri, belo limatha. Pakutha nyengo limodzi kapena ziwiri lasanduka manyowa, ugulenso lina, pamene mwini munda dothi lake lili pompo. Onjezani bilu ya madzi, poti mu July belo limafuna kuthirira tsiku lililonse. Lachitatu mukulidziwa nokha. Mmalawi adzakulipira $200 ya katundu osawiringula, koma ukamuuza kuti nkhwani ndi $5 akuyang'ana ngati wamutukwana. "Aaa, masamba omwewa? Tangotipatsaniko."

Palinso vuto la ife oyendayenda. Nthawi imene munda ukufuna mwini wake kuno ndi yomwe ambiri timakwera Ethiopian pa Dulles kupita kumudzi, ana atatsekera sukulu. Chaka chachitatu ndinapita ku Lilongwe masabata atatu mu July kukalandira katundu. Ndinasiyira mnzanga wina kuti azithirira. Iye ali ndi mashifiti ake, anabwera kawiri basi. Ndinapeza mabelo ouma gwa, ndipo zimene zinapulumuka agwape anamaliza. Sindinamuimbe mlandu, phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Taganizani akanakhala mabelo 50 ogulidwa ndi ndalama za kontena. Pano ndinagula paipi yodontheza ndi kawotchi kotsegula madzi kokha pa mpope, ndipo ndinazunguliza waya. Amene muli pa apatimenti samalani: belo likanyowa limalemera kwambiri ndipo limatulutsa madzi akuda, ndiye funsani ofesi musanalikweze pa khonde la m'mwamba. Mu DC kumbukiraninso makoswe.

Chenjezo lina, lofunika kuposa onse kwa ife. Musabise mbewu za kumudzi m'sutikesi. Mbewu zolowa mu America zimafuna mapepala, kaya satifiketi ya zaumoyo wa zomera kapena chilolezo cha USDA, ndipo chilichonse cha kumunda uyenera kuchinena pofika. Agalu a pa Dulles sanama. Akakupeza nazo usananene, chindapusa ndi cha madola mazana angapo, ndipo dzina lako lalowa mu kompyuta. Munthu amene moyo wake ndi kudutsa pa boda, aike mbiri yake pachiswe chifukwa cha njere za maungu? Ayi. Mbewu ziliko konkuno. Bonongwe a ku Jamaica amati callaloo. Chitambe ndi masamba a khobwe, amene kuno amati cowpeas kapena black-eyed peas. Southern Exposure Seed Exchange ya ku Mineral, Virginia, imagulitsa therere, mpiru ndi khobwe zozolowera nyengo ino. Kholowa ingoikani mbatata m'madzi mu March, iphuka yokha.

Amene mtima wanu ulidi pa ulimi wogulitsa sindikukugwetsani ulesi, koma njira yake ndi dothi, osati mabelo. ECO City Farms ku Prince George's imaphunzitsa alimi oyamba kumene. University of the District of Columbia ili ndi famu yake ya Firebird ku Beltsville komwe akhala akuyesa ndiwo za ku Africa. Pitani mukafunse. Koma dziwani kuti imeneyo ndi ntchito ya munthu wokhala pansi, osati wa ulendo mwezi ndi mwezi.

Nanga phindu langa lili pati? Lili apa. Mayi akabwera kudzasiya katundu wopita ku Blantyre, tikamaliza kuyeza ndi kulipirana, ndimapita kuseri n'kumuthyolera nkhwani wodzaza jumbo. Sindilipiritsa. Amachoka akuseka, madzulo chithunzi cha nsima chili pa WhatsApp, ndipo mwezi wotsatira amabwera ndi mnzake. Otumiza katundu tilipo ambiri mu DMV, mitengo yathu n'njofanana, koma wopereka nkhwani ndi mmodzi. Amayi athu pa msika wa Lizulu ankadziwa kale zimenezi: tomato mmodzi woonjezera pa mulu ndi amene amabweza kasitomala.

Ndiye mlongo wanga amene munaponya vidiyo ija, masutikesi musasiye. November akubwerayu katoleni mabelo anayi, mpamba usiyeni pamene uli. Mu July mudzatiitane tidzalawe.