CHENJEZO KWA ANTHU A KU LOBI: MANKHWALA A KUDIMBA ASAFIKE PA TSABOLA WA PAKHONDE

Amayi ndi abambo a ku Lobi ndi midzi yozungulira, imvani izi musanatsegule botolo lililonse.

Ambiri tili ndi tsabola wa kambuzi m'zitini ndi m'zigubu zodula. Chisanu cha June ndi July chikaluma kuno kumapiri a Dedza, timamukokera pakhonde, ena mpaka pawindo la kukhitchini. Kutentha kwa September ndi October kukafika, masamba ayamba kufota ndi kupiringizika. Tembenuzani tsamba muone kunsi kwake. Tizilombo tobiriwira kapena takuda tounjikana kunsonga ndi nsabwe za m'masamba. Tiufa toyera touluka mukagwedeza mtengo ndi ntchentche zoyera. Koma mukaona timadontho tachikasu ndi ukonde wopyapyala, ameneyo ndi kangaude wofiira yemwe uja amatimalizira tomato ndi mbatata ya kachewere. Pansi pa denga sipagwa mvula yomukokolola, ndipo kukatentha amaswana m'masiku ochepa chabe.

Ngozi yeniyeni si tizilomboti, koma zomwe anthu akuchita polimbana nato. Munthu atenga cypermethrin kapena dimethoate wotsala ku kabichi n'kupopera m'nyumba momwe ana akukwawa, ufa uli poyera, ndowa ya madzi akumwa ili pambali. Kudimba mphepo imamwaza mankhwala. M'nyumba mpweya wake mumapuma ndinu usiku wonse. Mankhwala aliwonse ali ndi masiku odikira musanakolole, olembedwa pabotolo, koma tsabola wa pakhonde timangothyola ndiwo zili pamoto. Ndani amawerenga masiku pamenepo? Ndipo cypermethrin sathana naye kangaude wofiira: amapha tizilombo tomwe timamudya, iye n'kuchulukirachulukira.

Temeki, mankhwala osungira chimanga, ndi aliwonse ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro pa tsiku la msika, asayandikire chomera chodyedwa. Madzi onyikamo fodya nawonso ayi. Ndi poizoni, komanso fodya amatha kupatsira tsabola matenda a masamba.

Chitani izi m'malo mwake. Tulutsani mtengo wogwidwawo, muutalikitse ndi inzake. Tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi, nsabwe zina n'kuziphwanya ndi zala. Masamba owonongeka kwambiri thotholani mukawotche. Kenaka sungunulani sopo wamtanda wokwana supuni yaing'ono imodzi mu lita imodzi ya madzi, muwaze madzulo dzuwa litapepa. Sopo waufa wochapira zovala amawotcha masamba, musamugwiritse ntchito. Yambani mwayesa pa masamba awiri kapena atatu, muone m'mawa. Bwerezani pakatha masiku 4 kapena 5, katatu kapena kanayi, chifukwa mazira amatsalira n'kuswa ena. Ambiri amalephera apa, amawaza kamodzi n'kunena kuti sopo sagwira ntchito. Mukaona nyerere zikukwera mtengo, dziwani kuti zikuweta nsabwe pofuna timadzi take totsekemera, ndiye zitsekereni njira. Masamba a nimu kapena deliya osinja n'kunyika usiku umodzi amathandizanso, koma kawazireni panja. Mtengo womwe masamba ake achita mawangamawanga n'kupinimbira uli ndi matenda osachizika. Zulani, musaumvere chisoni.

Wina akapuma kapena kumwa mankhwala n'kuyamba kutuluka dovu lambiri, kusanza, thukuta, chizungulire kapena kubanika, musamumwetse mkaka ndipo musamusanzitse. Muvuleni zovala zomwe zakhudzidwa, mumusambitse ndi sopo, muthamange naye kuchipatala cha Lobi kapena chachikulu cha Dedza, botolo la mankhwalawo lili m'manja kuti adokotala aone dzina lake.

Musanagule mankhwala, funsani alangizi a zaulimi ku ofesi yawo ya ku Lobi (EPA), ndipo gulani okhawo ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a magulu a alimi, chonde lengezani uthengawu pamisonkhano yanu sabata ino.