Waya wa pa mtengo wa mango asaiwalike

Mwezi wa Novembala ukafika, mitengo ya mango ku Fingoè, ku Malowera ndi m'midzi ina ya boma la Maravia imakhala italemedwa ndi zipatso. Nthawi yomweyi ndiyo imabwera mphepo ya mkuntho yotsogolera mvula yoyamba. Nthambi yaikulu ikayamba kung'aluka pa mphanda, mwini wake amathamangira waya, kukulunga nthambiyo ndi kuimangirira ku inzake. Mango a chaka chimenecho amapulumukadi. Tsoka lake, wayayo palibe amene amamukumbukiranso.

Mitengo imeneyi si yoiseweretsa. Pa nthawi ya nkhondo anthu ambiri a dera lino anathawira ku Zambia, ena nakakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke. Pobwerera, mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anapeza nyumba zitagwa, minda itasanduka tchire. Ambiri anazindikira bwinja la makolo awo poona mitengo ya mango. Mkangano wa malo ukabuka, mtengo wodzala agogo umachitira umboni pamaso pa amfumu, ndiye kuutaya chifukwa cha waya wa mikono iwiri ndi zomvetsa chisoni.

Vuto si lakuti waya amaduka msanga ayi. Vuto ndi lakuti amakhalitsa osasintha, pamene mtengo ukunenepa chaka ndi chaka. Kunenepako kumachitikira pansi pa khungwa penipeni. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa, mmene mumachokera luzi. Aliyense waonapo mombo utauma chiimire wosema mng'oma wa njuchi atausenda khungwa mozungulira. Waya amagwira ntchito yomweyo, kungoti iye amaigwira mwakachetechete kwa zaka zingapo. Poyamba nthambi imatupa kumtunda kwa waya, masamba nkumachepa. Kenaka khungwa limameza wayayo, madzi a mvula ndi chiswe nkupeza polowera, ndipo tsiku lina nthambi imathyokera pomwe paja anaimanga kuti isathyoke. Pansi pake ndi pamene amayi amasinjira ndi pamene ana amasewera.

Ngakhale kumaiko kumene kuli akatswiri a mitengo, nkhaniyi inawavutapo. Ku England, m'nkhalango ya Sherwood, mtengo wakale wotchuka wotchedwa Major Oak anaumanga ndi maunyolo mu 1908, koma pofika zaka za m'ma 1970 panafunikanso kuchirikiza nthambi zake ndi mizati. Akatswiriwo masiku ano sakulunga nthambi ndi waya. Amaboola nthambi nkulowetsa chitsulo chokolekapo chingwe, kapena amagwiritsa ntchito lamba wotambalala, ndipo amamanga m'mwamba, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a utali wa nthambi kuchokera pa mphanda. Akatero amabwerako kudzayendera. Kumanga pafupi ndi mphanda, monga amachitira ambiri poopa kukwera, kuli ngati kugwira khasu pafupi ndi mutu: mphamvu zambiri, phindu lochepa.

Mlimi wa ku Chiputo alibe zitsulo zoterezo, koma tayala lakutha la njinga kapena la galimoto limapezeka. Chidutswa cha tayala chotambalala ngati chikhatho, choikidwa pakati pa waya ndi khungwa, chimateteza nthambi, makamaka ngati waya wadutsa kuseri kokha osazungulira nthambi yonse. Chaka chilichonse mvula isanagwe, mwini mtengo apise chala pansi pa mphirayo. Chala chikakana kulowa, nthawi yomasula ndi kusuntha yakwana. Kwa nthambi ya m'munsi, mzati wa mphanda wa tsanya umaposa waya, poti chiswe sichiudya msanga. Ndipo nthambi zina, kunena zoona, mankhwala ake ndi kuzidulira kunsonga kuti zipepuke.

Nanga waya amene wamira kale? Kumufukula ndi nkhwangwa ndi kuwonjezera bala pa bala. Ndi bwino kungodula nsonga zoonekera, kuchirikiza nthambiyo ndi mzati, ndi kusamutsa mtondo ndi mphasa pansi pake. Auzidwenso ana a pakhomopo kuti m'nthambimo muli chitsulo, chifukwa wodzacheka mtengowo ndi sowo zaka za m'tsogolo sadzachiona ndi maso.