FAKITALE IKATSEKEDWA, LUSO LISAFERE M'KATIMO

Aŵerengi athu a m'boma la Mchinji amene amaoloka malire pa Mwami akuidziŵa mbiri ya fakitale ya njinga ya ku Chipata. M'nthaŵi ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, Boma la Zambia lidamwaza mafakitale m'matauni ang'onoang'ono: magalasi ku Kapiri Mposhi, mabatire ku Mansa, nsalu ku Kabwe, ndipo ku Chipata kudagwera Luangwa Industries, yopanga njinga za Eagle. Ndale zitasintha mu 1991, makampani a Boma adayamba kugulitsidwa, katundu wotchipa wakunja adasefukira, ndipo ambiri mwa mafakitalewo adazima moto. Lero anyamata a kabaza a ku Chipata ndi ku Mchinji akupalasa njinga zochokera ku India ndi ku China.

Kutsekedwa kwa fakitale si chinthu chachilendo. Chofunika kuchilingalira n'chakuti nyumba yake imasanduka chiyani, nanga amisiri amene adali m'katimo amaloŵera kuti.

Taonani zimene zidachitika ku Sheffield, mzinda wa ku Mangalande wotchuka ndi mipeni. Kumeneko kuli nyumba yotchedwa Portland Works, yomangidwa m'zaka za m'ma 1870. Harry Brearley atatulukira chitsulo chosachita dzimbiri mu 1913, mipeni yoyamba ya chitsulocho idasulidwa m'nyumba imeneyi mu 1914. Kampani ya mipeniyo itatha, amisiri ang'onoang'ono adapitiriza kugwira ntchito m'zipinda zake. Mu 2009 padamveka zoti nyumbayo aisandutse mogona anthu, amisiriwo achoke. Anthu wamba adakana. Adasonkha ndalama, aliyense kugula gawo lake, mpaka mu 2013 anthu pafupifupi 500 adaigula. Motero osula mipeni, amisiri a matabwa ndi ena adakhalabe momwemo, achinyamata n'kumaphunzira pambali pawo.

Wina anena kuti zimenezo n'za kwa Azungu. Iai, kusula si kwachilendo kwa ife. Makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, ndipo zotsalira za ng'anjozo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu, boma loyandikana ndi lathu. Ngakhale lero, m'misika ya pa Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda mupeza mipeni, nkhwangwa ndi makasu zosulidwa kuchokera ku zitsulo za galimoto zakutha. Koma wosulayo chipala chake chili pansi pa mtengo. Mvula ikagwa, mvukuto umapachikidwa, ntchito yaima, pamene iyo ndiyo nyengo imene mlimi amafuna khasu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nyumba zilipo. Kuyambira mu 1987, pamene amalonda ena adaloledwa kugula mbewu za alimi mopikisana ndi ADMARC, misika ina ya bungwelo idatsekedwa. Njanje idafika ku Mchinji mu 1980, n'kulumikizidwa ndi Chipata mu 2010, koma siidabweretse piringupiringu amene tinkayembekeza. Nyumba yopanda munthu siichedwa kugwa: malata amaphwasulidwa usiku, chiswe chimadya mitanda, mileme n'kukhala eni ake.

Tsono pempho lathu kwa Khonsolo ya boma, mafumu ndi eni nyumba zotere ndi ili. Choyamba, aŵerenge nyumba zonse zantchito zimene zangokhala. Chachiŵiri, azibwereketse pa mtengo wofatsa kwa osula, owotcherera zitsulo, okhoma zidebe ndi okonza njinga, atapanga bungwe lawo lokhala ndi malamulo ndi msungichuma wokhulupirika. Chachitatu, mmisiri aliyense wopatsidwa chipinda atenge ana aŵiri omaliza sukulu kuti awaphunzitse. Ophunzira athu ambiri akamaliza Folomu 4 sapeza malo ku koleji, ndipo maganizo awo amathamangira ku Joni.

Kusandutsa fakitale kukhala nkhokwe ya katundu wakunja kumapatsa ntchito mlonda ndi kalaliki basi. Kuipereka kwa amisiri kumadyetsa mabanja ambiri, ndipo ndalama ya mlimi wa mtedza imatsala m'boma momwemuno. Akulu adati mutu umodzi susenza denga. Denga lilipo kale. Chatsala n'chakuti tilisenze lisanatigwere.