Wamalonda wa pa foni asunge chinsinsi cha ogula

Malonda a masiku ano alowa m'thumba. Mlimi wa mbatata ku Domué atha kugulitsa matumba ake kwa munthu wa ku Tete kapena ku Beira osaonana naye. Amangotumiza chithunzi pa WhatsApp, nkumvana mtengo, ndalama nkubwera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Njira ya mKesh idayamba m'dziko muno mu 2011, ya M-Pesa mu 2013, ndipo lero m'misika ya ku Ulónguè, Calómuè ndi Zóbuè muli timatebulo ta anthu otumiza ndi kutapitsa ndalama.

Pa msika wamba munthu amagwira katundu ndi manja asanalipire. Pa foni sizitero ayi. Wogula amayamba wapereka ndalama, dzina lake, nambala yake, mudzi wake, mwinanso chithunzi cha chiphaso chake cha BI, katundu asanamuone. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho wolipira katundu ali kutali amatero chifukwa chakuti wamkhulupirira wogulitsayo, ndipo chikhulupirirocho chikatha, malonda athera pomwepo.

Kawirikawiri chimatha chifukwa cha pakamwa ndi kusasamala. Mayi wokalamba walandira ndalama kuchokera kwa mwana wake ku Johannesburg. Wotapitsa ndalama nkutchula mokweza kuchuluka kwake pamaso pa gulu, kope lolembamo manambala lili chitsegukire pa tebulo. Pofika madzulo mudzi wonse wadziwa, angongole ali pakhomo, akuba nawo amva. Mawa mayiyo adzalolera kuyenda mtunda wautali kukatapa kwina.

Nambala ikagwa m'manja olakwika, pamabwera uthenga wabodza wakuti, ndakutumizirani ndalama molakwitsa, bwezani. Ena amaimba nkumadzitcha antchito a kampani ya mafoni, nafunsa nambala yachinsinsi ya PIN. Chithunzi cha BI nacho chitha kugwiritsidwa ntchito ndi wakuba pochita zachinyengo m'dzina la mwini wake, mlandu nkugwera wosalakwa.

Malamulo a dziko sadangokhala chete pa nkhaniyi. Lamulo lalikulu la dziko la 2004, m'ndime 41 ndi 71, limateteza moyo wamseri wa munthu ndiponso mbiri yake yosungidwa m'makompyuta. Mu 2009 mudatuluka lamulo loteteza ogula, ndipo mu 2017 mudabwera lamulo nambala 3/2017 loona za malonda ndi zochitika za pa intaneti. Koma lamulo lili m'mabuku ku Maputo. Amene angalisandutse chenicheni ku Tsangano ndi mwini malondayo.

Makampani akuluakulu amalemba masamba ambirimbiri ofotokoza mmene amasungira mbiri ya ogula. Wogulitsa mbewu, zitenje kapena feteleza safunika masamba. Akwanira mawu ochepa, owauza wogula aliyense ndi kuwatsata. Afunse zokhazo zofunika kuti katundu afike. Wogula nyemba alibe chifukwa chotumizira BI. Asapereke nambala ya wogula kwa munthu wina, ngakhale mbale, mwini wake asanavomere. Asaike munthu m'gulu la WhatsApp popanda kumfunsa, kapena kuonetsa kwa ena uthenga wa malipiro wokhala ndi dzina lake. Foni ya malonda aitseke ndi nambala yachinsinsi, asamaibwereketse ana. Anene poyera kuti iye safunsa PIN ya munthu, ndipo agwiritse ntchito nambala imodzi yolembetsedwa m'dzina lake lenileni. Anenenso zimene adzachite katundu akapanda kufika.

Wotapitsa ndalama ampatse mwini foni kuti alembe yekha PIN, iye atayang'ana kumbali, ndipo ndalama aziwerenge motsitsa mawu. Ogulitsa kwa abale a kutsidya, olipira pa Airtel Money kapena Mpamba, amvane kaye za mtengo wa kwacha ndi metikali m'mawu olembedwa.

Wogula nayenso asachite manyazi kufunsa, popeza safunsa adadya phula. Aone ngati dzina lili pa uthenga ndi la amene amalankhula nayeyo, asunge uthengawo, ndipo kwa wamalonda wachilendo ayambe ndi katundu wochepa.

Mtengo wotsika umakopa wogula tsiku limodzi, koma wamalonda wosunga pakamwa ndi amene anthu amabwererako chaka ndi chaka, natumako ndi anzawo. Wakutsina khutu ndi mnansi.