Makompyuta Anamuona Freddy, Nanga Uthenga Unathera Pati?

Alimi anzathu, ife a kuno kwa Milepa sitinaiwale mwezi wa Marichi 2023. Chimanga chinali chitakhwima, nandolo atadzuka bwino, pamene mvula ya namondwe wa Freddy inagwa usana ndi usiku. Napolo anatsika m'phiri n'kukwirira mabanja m'mudzi wa Ntauchira. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ndipo mazana ena sanapezeke.

Ambiri timati linali tsoka lodzidzimutsa. Ife tikukana. Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu February ndipo anakhala masiku oposa 30. Akatswiri a zanyengo a pa chilumba cha La Réunion, omwe amayang'anira dera lathu la nyanja ya Indian, ankamutsata tsiku ndi tsiku mpaka anadzatulukiranso kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Marichi.

Amadziwa bwanji? Amauza kompyuta liwiro la mphepo, kutentha kwa madzi ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, iyo n'kuwerengera komwe namondwe alowere. Kwa okhala m'mphepete mwa nyanja yamchere amaonjezapo kuya kwa nyanja, maonekedwe a gombe ndi nthawi yomwe madzi amadzaza. Akatero amatha kunena kuti mphepo ikankhira madzi ndi mafunde kumtunda mamita angati. Mzinda ngati Beira, womwe uli pansi kwambiri ndipo unasakazidwa ndi Idai mu 2019, moyo wake wagona pa masamu amenewa.

Ife gombe tilibe. Mdani wathu ndi mvula yogwa m'mapiri ometedwa mpala, n'kusefukira m'chigwa cholowera ku Chilwa. Koma nzeru yake ndi yomweyo: kompyuta imabweza zomwe waidyetsa. Ngati palibe woyeza mvula m'midzi yathu kapena wolemba msinkhu wa mitsinje, ingonena kuti "m'chigawo chakummwera kugwa mvula yamphamvu". Chenjezo lotere linamveka ndithu pa wailesi. Nanga mayi wa ng'ombe imodzi yamkaka achite nalo chiyani? Asamutse khola kapena ayi? Athawire kuti? Chigawo chakummwera n'chachikulutu, kuyambira Mangochi mpaka Nsanje!

Tikupempha boma, kudzera ku Nthambi ya Zanyengo ndi ya DoDMA, kuti liike zoyezera mvula pa sukulu ndi pa maofesi a zaulimi m'boma lonse la Chiradzulu. Makalabu athu ngokonzeka kuwerenga zoyezerazo m'mawa uliwonse, monga momwe timalembera kaundula wa ngongole za feteleza. Chenjezo lizitchula dzina la mtsinje, phiri ndi mudzi, m'Chichewa chomveka, ndipo lizifika kwa alangizi ndi mafumu kusanade. Achikulire amene anaona napolo wa ku Phalombe mu 1991 afunsidwenso komwe madzi anadutsa, zilembedwe pa mapu.

Apampando a makalabu, nkhaniyi ikhale yoyamba pa msonkhano wanu wa mwezi uno, ndipo mubweretse ku ofesi ya bungwe maina a anthu awiri odzawerenga mvula.